Ndinkayesa Mawu Achikondi pa Akazi a Eni

Zikomo a tcheyamani, zikomo alembi anzanga nonse amene mwadzipanikiza pa mabenchi a ana a sukuluwa mpaka maondo akugunda zibwano. Ine ndiyankhula choimirira, chifukwa ndikakhala pa kabenchi aka mudzachita kundizula ngati chinangwa.

Kwa amene simundidziwa, ndine Zefaniya Kamtedza wa ku Bowe. Kunena zoona ku Bowe ndi kwa akazi anga, ine ndinangopitako ndi khasu ndi pakamwa. Sukulu ndinalekera pamene masamu anayamba kukhala ndi zotsala. Ndinati zotsalazo atsale nazo aphunzitsi.

Chiyambire m'mawa mwakhala mukukambirana za ulembi wa nkhani zachikondi ndi nyengo ino ya Khirisimasi. Mayi Nachisale, aphunzitsi akhala kutsogolowa, adandaula kuti tchuthi chikafika alendo amadzaza nyumba, munthu sulemba ngakhale mzere umodzi, moti mnyamata wa m'nkhani yawo waima pa mlatho kudikira bwenzi lake kuyambira Novembala. Mwana wanga, musiyeni aime, anyamata a m'nkhani sachita dzanzi. A tcheyamani ati nkhani ya pa Khirisimasi imafuna mvula, diresi latsopano ndi basi yochedwa. Zoonadi. Koma palibe wafunsa funso limene linandigwetsa ine. Mawu okoma amene mnyamata amauza mtsikana m'nkhani zanuzo, mumadziwa bwanji kuti ndi okoma? Mumayesa pa yani?

Ena mwaseka. Ena mwayang'ana pansi. Inu oyang'ana pansinu, umboni uwu ndi wanu.

Kale lija tisanavote ndinkalemba ndithu, koma mobisa, n'kumatsindira mapepala kudenga kuti chiswe chiwerenge. Dzaleka ili pompano apa. Lero mukukhala alendo othawa nkhondo, koma ife tinkaidziwa ngati ndende ya andale, ndipo ngakhale nkhani yachikondi unkaopa kuti wina aona ndale m'mtundu wa diresi la mtsikana. Matipate atabwera, nyuzipepala zinamera ngati bowa, ndipo kena kamasamba ochepa ka ku Lilongwe kanavomera kusindikiza nkhani yanga pang'onopang'ono, sabata ndi sabata. Dzina langa lolembedwa ndi makina, anthuni! Ndinayenda nalo m'thumba mpaka linafufutika m'mopinda.

Mtsikana wa m'nkhanimo anali Elube, ndipo Elube ndinamutola m'nkhungu. Mukudziwa m'mawa wa dzinja, ukaima pa chitunda n'kuyang'ana cha ku Ntchisi, phiri limakhala ngati lazuka, likuyandama lopanda tsinde, midzi ya m'munsi n'kumangomveka atambala okha. M'mawa wina wotero ndinaona munthu akutsika kanjira ka m'misuku, mtsuko pamutu, nsalu yofiira. Nkhope sindinaione. Nkhungu inamutseka, ndipo itatseguka panalibe munthu. Mwina anali mayi wina wopanda mano akupita kudambo, sindidziwa. Ine ndinamupatsa khosi, ndinamupatsa kampata pakati pa mano, ndinamupatsa dzina. Kuyambira tsiku limenelo ndinkalima naye, ndinkadya naye, ndikamawotha dzuwa amakhala pambali panga akumanga tsitsi.

Vuto linali mnyamata womufunsira. Mkonzi wa kanyuzipepala kaja anandiuza mosapsatira.

"Madala, Elube wanu ali bwino. Koma mnyamatayu akufunsira ngati akutsatsa mbuzi. Muikeni mawu m'kamwa."

Ndinabwerera pa matola mutu uli piringupiringu. Mawu ndinali nawo odzaza nkhokwe, koma ndidziwa bwanji ogwira mtima wa mkazi? Ndiye ndinakumbuka kuti mlimi wa fodya sawokera mbewu asanaione pa nazale. Basi, ndinatsegula nazale yanga.

Nazale yoyamba inali kuchigayo. Akazi anga a Nankhoma anadabwa kundiona ndikupempha thumba la chimanga.

"Bambo a Lute, mwayamba liti kukonda kuchigayo?" Lute ndiye mwana wathu woyamba.

"Ndikufuna mupumeko, mayi."

Anandithokoza. Anandithokoza, abale anga, n'kundithandiza kumangirira thumba pa njinga.

Kuchigayo ndinkasankha mayi wokhala payekha pamzere. Ndinkayamba bwinobwino, moni, ana adzuka bwanji, mvula kwanu yagwa. Kenako n'kuponya: "Koma mayi, inu mukamadutsa m'munda wa fodya, masamba satembenuka kukuyang'anani?" Ndikatero ndinkayang'ana phazi, osati nkhope. Lembani zimenezi ngati mukufuna, ndi nzeru yokhayo imene ndinatulukira ndekha. Nkhope ya mkazi imabisa chifukwa cha ulemu, koma chala chachikulu cha kuphazi sichinalangidwe. Chikayamba kulembalemba m'fumbi, mawuwo ndi mbewu yabwino, ndinkawapatsa mnyamata wa Elube. Mayi akatsonya, ndinkawataya. Akaseka n'kukuwa kuti, "Anzanga, tabwerani mudzamve madalawa!" ndinkadziwa kuti amenewo ndi a chitsiru cha m'nkhani, poti nkhani iliyonse imafuna chitsiru chake.

Kuchoka kuchigayo ndinapita kumjigo. Kuchoka kumjigo, kumsika wa ku Nachisaka. Ngakhale pamaliro, Mulungu andikhululukire, ndinkazungulira kuseri kwa ophika. "Maso anuwo ali ngati chitsime cha pansi pa phiri, munthu ukasuzumira umaiwala chimene unadzera." Chala chinalemba. "Mukamaseka, ngumbi zimatuluka poyesa mvula yakata." Anatsonya, koma chala chinalemba, ndiye ndinasunga.

Ndipo nkhani inakoma. M'matola anthu ankakangana ngati Elube avomere kapena akane, ine nditakhala pa thumba la mtedza ndikumvetsera, mutu ukukula. Nthawi yomweyo ndinatulukira chinthu china, chakuti ndikalawa kachasu pang'ono mawu amabwera okha, nkhungu imapyapyala, Elube amayandikira mpaka kumva mkanda wake ukulira. Kagalasi kamodzi kanabereka ana, anawo anabereka zidzukulu.

Ndinkamwa kuseri kwa chitunda, kwa mayi wina wamasiye, a Esinati, amene ankatcheza kachasu kuti alere ana. Iwo ndiwo anasanduka nazale yanga yaikulu, poti chala chawo sichinkachedwa. "A Esinati, kumwetulira kwanu ndi mvula yoyamba, fumbi lonse la mumtima mwanga lagona." Chala n'kulemba. Ndiye nkhani inafika pamene mnyamata ayenera kulonjeza ukwati, ndipo lonjezo nalo linafunika kuyesa. Ndinakonza kukhosi n'kunena kuti, "Ikafika Khirisimasi, nsapato zanga zidzagona pakhomo panu." Chala chija chinalemba mpaka kukumba kadzenje. Ndinathamangira kunyumba kukalemba, wokondwa ngati mwana wotola kobiri. Ine ndinamva chiganizo chabwino. A Esinati anamva mwamuna akulonjeza.

Khirisimasi inafika. Titaweruka ku tchalitchi, a Nankhoma akusankha mpunga palichero, zidzukulu zikuthamangitsa nkhuku, kunatulukira amuna awiri ovala majekete, kumbuyo kwawo a Esinati atavala duku latsopano. Anali amalume awo ndi mlongo wawo. Anakhala pansi mwaulemu, anapempha kuti tiitane alamu anga a Yobe, mlongo wa a Nankhoma, amene ali nkhoswe yathu. A Yobe atafika, amalume aja anawomba m'manja.

"Ife tamva kuti bambowa akufuna mwana wathu akhale wachiwiri. Si zachilendo ayi. Koma tadikira nsapato, sizikubwera, ndiye tati tizilondole."

Ine ndikanakhala chete mwina ndikanapulumuka ndi mbuzi imodzi. Koma pakamwa panga sipanaphunzire kutseka.

"Pepani akuluakulu, kunali kuyesa chabe. Ndi ntchito ya ulembi. Ndimafuna ndione ngati mawuwo akugwira."

A Esinati anavula duku lija pang'onopang'ono n'kulipinda. Amayi a m'mudzi anali atasonkhana kale kumpanda, poti nkhani ya pa Khirisimasi imakoma kuposa Fanta. Wina anati, "Iii, nanenso anandiuza za masamba a fodya!" Wina, "Ine anati maso anga ndi chitsime!" Wina, mkazi wa mkulu wa mpingo, anangogwira pakamwa n'kubisa phazi m'nsalu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsogolera. Wanga unali utatsogola m'midzi yonse, ukundidikira.

A Nankhoma sanakuwe. Anaika lichero pansi, anapita kuseri, anasolola udzu padenga la khola, anaumanga bwinobwino, anauyatsa pa moto wophikira mpunga. Dzuwa likuswa mtengo. Achinyamata mwina simudziwa. Kwathu kuno mkamwini akatopetsa samukoka mwendo, amamuyatsira muuni masana kuti aione bwino njira ya kwawo. Ananditsogolera, ine pambuyo, mudzi wonse pambuyo panga, mpaka pamphambano. Pamenepo anatembenuka n'kuyankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Bambo a Lute, za a Esinati sizikundiwawa kwenikweni. Chikundiwawa ndi ichi. Malaya amene munkavala pokanena mawu amenewo ndinkachapa ndine. Munagawira a kuchigayo, a kumjigo, a kumaliro. Ine mukafika pakhomo mumangoti, madzi osamba atentha? Zaka zonsezi, simunatsale ndi liwu limodzi lomwe m'thumba?"

Anandipatsa muuni uja. Moto wake masana sunkaoneka, ndinkangoumva m'zala.

Zotsatira ndizinena mothamanga, poti nazonso zinathamanga ngati njinga yopanda mabuleki pa chitsikiro cha ku boma. Kwathu kwenikweni kunalibe wondilandira, makolo anatha kalekale, malo anagawana adzukulu. A Esinati anandisunga pang'ono chifukwa cha manyazi, koma wina atawawerengera nyuzipepala, n'kumva nsapato zawo zija zikulonjezedwa kwa Elube liwu ndi liwu, ananditaya kunja ngati madzi otsukira mbiya. Kanyuzipepala kanafa Elube asanakwatiwe. Njinga ndinamwera. Wailesi ndinamwera. Jekete la ukwati wa Lute ndinamwera. Cholembera chenichenicho ndinasinthanitsa ndi kagalasi kosadzaza. Ndinayamba maganyu m'maesiteti, kugwira m'mawa kuti ndimwe masana. Ndagonapo m'ngalande, ndadzukapo buluku litanyowa pamene kunja kulibe mvula, ana atandizungulira akuimba kuti madala a Elube, madala a Elube. Musandimvere chisoni, ana aja ankaimba bwino.

Elube naye anasintha. Ndikamwa ankabwerabe, koma atandifulatira. Ndinkangoona msana, mtsuko ndi nsalu yofiira zikukwera chitunda. Ndinkamulondola m'misuku, m'miyala, m'minda ya eni, ndikumuitana ndi mawu onse okoma amene ndinayesa, iye osacheuka. Ndinkadzidzimuka ndili m'mudzi wosaudziwa, mbuzi ikununkhiza khutu langa.

Khirisimasi yotsatira inandipeza pa esiteti ina kumunsi kwa phiri la Ntchisi, ndikugona m'chigafa. Fodya anali akadali m'munda, ndiye chigafa chinali chopanda kanthu, mitengo yokhayokha ndi denga lodontha. Moyang'anizana nacho munali kanyumba ka udzu ka matenanti awiri okalamba ochokera ku Mulanje, a Jailosi ndi akazi awo. Ana awo anali kutali. Ine sindinkacheza nawo, poti analibe mowa.

Tsikulo kunacha ndi mvumbi. Palibe amene anandigulira ngakhale kotsukira m'kamwa, ndiye ndinakhala pa mulu wa udzu, thupi likunjenjemera lokha, ndikuyang'ana madontho akugwa kuchokera kudenga. Kutsidya kwa dambo kwaya inkaimba m'katchalitchi kena. Nyimbo inkabwera ndi mphepo, n'kupita, n'kubweranso itaduka pakati. Kunyumba ya kapitawo kunkachokera fungo la anyezi wokazinga. Phiri silinkaoneka. Dziko lonse linathera pa mzere wachitatu wa fodya, kupitirira apo kunali kuyera kokhakokha.

A Jailosi ndi akazi awo anatuluka n'kukhala pakhonde. Mpunga analibe, nkhuku analibe. Anali ndi mbale ya masuku basi. Mayiwo ankatsimphina. A Jailosi anawayang'ana, anachotsa pini pa kolala ya malaya, anaipititsa pa khala la moto, anakhala pansi penipeni, n'kunyamula phazi la akazi awo kuliika pamiyendo.

Phazi lake, anzanga, silinali la m'nkhani. Linali long'aluka ngati dambo la mu Okutobala, lofiira ndi matope, zikhadabo zokhota. Anatunga madzi a mvula odontha padenga ndi chipande, analitsuka chala ndi chala. Ndiye anayamba kuchotsa matekenya. Amene munachotsapo thekenya mukudziwa kuti si ntchito ya phuma. Umakanula khungu pang'onopang'ono mozungulira, kuti kathumba ka mazira katuluke kathunthu, kakaphulikira m'kati wabzala ena. Maso a Jailosi anali otha, moti phazi analiyandikiza mpaka kumphuno, ngati munthu wowerenga Baibulo la zilembo zing'onozing'ono. Mayiwo ankayang'ana kumene kunayenera kukhala phiri. Anatenga suku, analifinya, n'kuliika pakamwa pa amuna awo, poti manja awo anali otanganidwa. A Jailosi anayamwa, analavulira nthanga kumbali, osadzutsa mutu.

Ine ndinatchera khutu. Wakuba sapuma pa Khirisimasi. Ndinati apa patuluka mawu amene sindinawamvepo, ndiwatole. Ndinadikira. Kwaya inapita, inabwera. Kenako a Jailosi anatsegula pakamwa.

"Osagwedeza."

"Mukundibaya dala," anatero mayiwo.

"Eya."

Basi. Mayiwo anaseka pang'ono m'mphuno, n'kufinya suku lina. Atatha, a Jailosi anapaka phulusa m'timabowo. Ndinayesa alisiya phazi lija, koma ayi. Analifumbata ndi manja awiri, monga umachitira ndi mwanapiye wonyowa, n'kukhala choncho akuyang'ana mvula. Anakhala choncho nthawi yaitali. Nkhungu inayamba kukwera, mizere ya fodya inatuluka, kenako dambo, kenako minda ya m'mbali mwa phiri, ndi timanjira, ndi utsi wa m'midzi.

Pamenepo ndinadzifunsa funso laling'ono, lopusa. Phazi la a Nankhoma ndi lotani? Ndinkadziwa chala cha mkazi aliyense kuchokera ku Bowe kukafika ku Nachisaka, chokhota, chachifupi, chopanda chikhadabo. Ndikanatha kuwatchula mayina atafunda kumutu. Koma phazi la munthu amene ndinabereka naye ana, amene anayenda kumjigo zaka zonse kuti ine ndisambe, ndinalifuna m'mutu monse, osalipeza. Ndinayesa kumanzere, ndinayesa kumanja. Munalibe.

Ndinalira mokweza ngati mwana wotayika pamsika. A Jailosi anasuzumira m'chigafa.

"Achimwene, tabwerani mudye masuku. Kulira ndi njala kumapweteketsa mutu."

Sanandifunse chimene ndinkalira, ndipo mpaka lero sadziwa kuti analalikira.

Tsopano njira yobwerera, poti ndi imene ena mwadzera. Sindinayambire kwa akazi anga. Ndinayambira kwa a Esinati, pamaso pa amalume awo, chifukwa mayi amene uja ndinamuchititsa manyazi pa anthu popanda chimene analakwa. Ndinagwada, ndinapepesa. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Pepani wanuyo mwamuyesa kale pa yani?"

Ndinati, "Pa inu nokha, mayi."

"Akuoneka. Ndi wosakoma. Dzukani muzipita."

Ndiye ndinapita kwa alamu anga a Yobe. Ndinawapeza akusema mpini.

"Alamu, ndabwera kudzayamba chikamwini."

"Ndi imvi zimenezi? Anzanu akulandira akamwini, inu mukufuna kukhala mkamwini?"

"Khasu silifunsa zaka, alamu."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma uthenga anakapereka. Yankho la a Nankhoma linabwera lalifupi: munda sukana munthu, koma akatsegula pakamwa abwerere. A Yobe anandipatsa kakhitchini kawo kuti ndizigonamo pamodzi ndi nkhuku zofungatira.

Za kachasu sindikunamizani, thupi linamenya nkhondo. Manja ankanjenjemera moti thobwa la akazi a Yobe linkatayikira pachifuwa. Ndinapempha alamu kuti ayende kwa onse otcheza mowa n'kuwauza kuti wondigulitsa adzayankha kwa iwo. Ndinasiya njira ya kuseri kwa chitunda, ndinkazungulira kudambo ngakhale kutalike. Ndinagwa kamodzi, nthawi yogulitsa fodya, pamene mudzi wonse umanunkha mowa ndipo aliyense ndi mnzako. M'mawa mwake ndinakadzinenera ndekha kwa a Yobe, ena asananditsogolere. Anati, "Mwagwa, chabwino. Khasu lili apo." Ngati muli m'dzenje limeneli, pezani munthu wotero, wosakutukwanani komanso wosakunyengererani.

Koma mowa unali wopepuka poyerekeza ndi kukhala chete. Ine, Zefaniya, kupalira mzere umodzi ndi mkazi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, osanena kanthu! Mawu ankatupa m'mimba ngati nyemba zosapsa. Ndikaweruka ndinkapita kukhola kukawakhuthulira mbuzi. Mpaka lero ndi mmene ndimagwirira ntchito, mawu onse achikondi ndimayesa pa mbuzi. Mbuzi ndi mkonzi wabwino, imangotafuna, ndipo ilibe amalume.

Tinapalira, tinabandira, tinakolola. Ndinaluka nkhokwe, ndinafolera nyumba imene sindinkagonamo. Ndipo pakamwa pakatsekeka, maso amatseguka okha. Ndinaona kuti a Nankhoma akamadzuka pansi amayamba agwira bondo lamanzere. Ndinaona kuti potsikira kudimba amaima pa chitsa china ngati akuyang'ana mitambo, pamene akupuma. Ndinaona chipsera cha khasu pa kakolo, chakale, choyera, chimene sindidziwa kuti anachipeza chaka chiti, ine ndili kuti. Ndiye ndinakumba masitepe potsikira paja n'kuika miyala. Ndinasuntha mtondo kuupititsa pamthunzi. Nkhuni ndinkazidula zifupizifupi kuti asavutike kuthyola ndi bondo. Ankatsika pa masitepe anga ngati anamera okha ndi mvula.

Mawu awo oyamba anabwera tikupanga mizere ya chaka chino. Analoza ndi khasu kumbuyo kwanga.

"Pamenepo mwakhotetsa."

Abale, ndakatulo yathunthu inakwera mpaka pakhosi. Ndinailuma, ndinaimeza, ndinabwerera n'kuwongola mzere.

Kulemba ndayambiranso, m'kope la ana a sukulu. Elube ndinamukwatitsa, apite, anali atayenda mokwanira ndi mtsuko uja. Sindikuti lekani mawu okoma ayi, tingafe ndi njala tonse m'chipinda muno. Ndikungoti mkazi wa mwini si nazale. Chimene iwe ukuti chiganizo, mnzako akupita nacho kunyumba, akugona nacho, akugulira duku. Ndipo inu mayi Nachisale, alendo odzaza nyumba aja musawathamangitse. Mnyamata wa pa mlatho adikira. Amene akukupemphani madzi osamba ndi amene angatope.

Ndimalize ndi za Khirisimasi yomwe yangodutsayi. Ndinali nditakhala pakhomo pa kakhitchini kanga ndikusoka nsapato, Lute anabwera n'kugwada.

"Ababa, amayi akuti mukadyere kunyumba."

Ndinayang'ana kumbuyo kuti mwina akuuza nkhuku. Ndinasamba, ndinabwereka malaya a alamu, ndinapita. Anatiyalira pakhonde ine ndi a Yobe, aliyense mbale yake yovundikira. Mvula inali itangokata, nthaka ikufuka, ngumbi zikuuluka pabwalo zidzukulu zikuzithamangitsa ndi zitsamba. Mukudziwa mwambo wa nkhuku kwathu kuno, nthutumba imapita kwa mwini khomo. Chichokereni ine, inkapita kwa a Yobe monga mwini mbumba, ndipo anali atazolowera.

Tinapemphera, tinavundukula. A Yobe anafufuza m'mbale mwawo ndi chala, anatembenuza chiwalo, anasuzumira pansi pa mpunga.

"Mlongo, nkhuku imeneyi inalibe nthutumba?"

A Nankhoma anayankha ali chiimire pakhomo, akupukuta manja pansalu.

"Inali nayo."

"Nanga yapita kuti?"

"Kwa mwini wake."

Ndinayang'ana m'mbale mwanga. Inali pamwamba penipeni pa mpunga, yosabisa. A Yobe anati, "Ohoo," n'kuyamba kudya mwakhama ngati munthu amene sanamve kanthu.

"Mukufuna kunena kanthu, bambo a Lute?" anafunsa a Nankhoma.

Ndinapukusa mutu.

"Chabwino. Mukatha kudya mukatenge bulangeti lanu kwa a Yobe, mvula isanabwerenso."

A tcheyamani, ine ndathera pamenepa. Nkhuku ija inali yokalamba, nthutumba yake yolimba ngati chidendene, ndipo mano anga mukuwaona nokha kuti atsala owerengeka. Koma ndinaitafuna yonse, pang'onopang'ono, ndipo palibe amene anandifulumizitsa.